Usakazimitse Nyimbo Ukamva Mapazi

Temwa mwana wanga,

Ndili kuno kushopu, zitenje ndaziyala koma maso anga sali pa makasitomala. Mayi wina wandifunsa kawiri ngati chitenje cha maluwa ofiira chimasuluka, ine n'kumuyankha za basi ya ku Karonga. Ndiye ndatseka chitseko chimodzi kuti ndilembe kalatayi dzuwa lisanapendeke, ndikaiike pamwamba pa sutikesi yako uiwerenge lero lomwe. Mawa ukupita kukoleji ku Lilongwe, ndipo pali mawu amene andikhala pakhosi zaka zinayi. Pakamwa panga umapadziwa: potsatsa malonda ndi pokalipa m'pakuthwa, koma ikafika nkhani ya iwe ndi ine pamauma gwa. Mwina cholembera chichita bwino kuposa ine.

Chimene chandikhazika pansi ndi ichi. Ukakhala kuchipinda kwako ukumvera nyimbo kapena kuimba chapansipansi, ukangomva mapazi anga pakhonde umazimitsa. Umaganiza kuti sindidziwa. Ndimadziwa, chifukwa nyumba imangoti zii mwadzidzidzi, ndipo ndikalowa ndimakupeza wakhala tsonga ngati mlendo. Khalidwe limenelo sunabadwe nalo, ndinakuphunzitsa ndine. Tsono mantha anga ndi akuti ulitenga kupita nalo kukoleji, kumene mukagone anayi chipinda chimodzi, mapazi osatha pakhomo. Tsiku limene mtima wako udzawira monga umachitira, iwe n'kuzimitsa chinthu chimene chimakutsitsa mtima poopa maso a anthu, ine ndili kuno ku Chitipa, ulendo wa tsiku lathunthu, adzakugwira dzanja ndani? Usakazimitse, Temwa. Zonse zimene ndilembe m'munsimu n'zongofotokozera mawu amenewo.

Uli wamng'ono, usanayambe n'komwe sitandade wani, unkati ukalira unkalira ndi thupi lonse. Kanthu kochepa, ine kungotuluka kupita kumsika osakutsanzika, tinkakupeza ukugubuduka pansi, mawu atasasa, ukunena kuti ndakuthawa sindibweranso. Ine mwana wa ku Ntcheu, woleredwa ndi kamkwapulo ka pichesi, mankhwala ndinkadziwa amodzi okha. Ndinkakukwapula, iwe n'kuwonjeza kulira, ine n'kuwonjeza kukwapula, mpaka tonse awiri kutopa. Abambo ako sankatsutsana nane pamaso pako. Ankangokunyamula n'kukukhazika pansi pa tebulo la makina awo osokera, pafupi ndi chopondera, iwo n'kuyamba kusoka akuimba tinyimbo ta kwawo ku Wenya motsatana ndi phazi. Nthawi zina analibe n'chosoka chomwe, ankangoyendetsa singano pa kansanza. Posakhalitsa ndinkakuona wagwira mwendo wa tebulo, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, mpweya wabwerera m'malo. M'malo mofunsa kuti zimatheka bwanji, ine ndinkati, "Mukumulera ngati dzira mwanayu, adzakuswekerani m'manja." Iwo ankangoti, "Mulekeni waka, mama. Mtima wake ukuthamanga, tiuyendetse bwinobwino."

Abambo ako anali ndi nzeru imene ine ndinaizindikira iwo atapita: sankadikira kuti moto ufike padenga. Ankangoona wayamba kufinya chala chachikulu m'dzanja ndi kuluma mlomo, basi, makina ayamba kulira. Iwenso tsopano zizindikiro zako ukuzidziwa, chifuwa kutentha, maganizo oti aliyense wakutembenukira. Zikangoyamba, usati ndipirire kaye phunziro lithe. Pempha kutuluka, vala mahedifoni, yenda mozungulira bwalo phazi likutsata ng'oma. Aphunzitsi angakufunse pambuyo pake, ndipo kufunsidwa sikunaphepo munthu.

Za kwaya ukuzikumbukira, ngakhale sitinazikambeponso. Unali fomu wani, mawu ako atayamba kumveka bwino, ndipo Loweruka lililonse unkabwera kuchokera kokonzekera nyimbo nkhope ikuwala, ukudya bwino, ukugona bwino. Miyezi imeneyo m'nyumba munali mtendere, ine osadzifunsa kuti mtenderewo ukuchokera kuti. Kenaka mnzako wapamtima uja, amene unkamutchula m'mawa ndi madzulo, anapatsidwa ndime imene iwe unkaitsogolera. Unamulalatira pamaso pa kwaya yonse, unaponya buku la nyimbo pansi, n'kunena kuti sunamukondepo chibadwire. Nkhani inandipeza kumsika ola lisanathe. Paja kuno nkhani imathamanga kuposa njinga zamoto. Wotsogolera kwaya, bambo wofatsa uja wogwira ntchito kumalire, anabwera yekha kushopu. Anati, "Mayi, mwanayu abwere Loweruka. Akapepese mnzake, aimirire kumbuyo masabata awiri, basi. Kwaya ndi ya anthu, si ya angelo." Ine ndinayankha kuti mwana wanga sadzandichititsanso manyazi m'nyumba ya Mulungu, ndipo ndinakuletsa. Ndinkati ndikukulanga, chonsecho ndikukulanda mankhwala. Loweruka lotsatira unakhala pakhonde tsiku lonse utavala yunifomu ya kwaya, ndipo ine ndinadutsa pomwepo kawiri osakulankhula.

Kukoleji kumeneko kwaya siingasowe. Lowa sabata yoyamba, usadikire kuti uzolowere kaye. Kumvera wekha m'mahedifoni kumathandiza, koma kuimba pakati pa anthu n'kwina: mumapuma nthawi imodzi, mumayamba nthawi imodzi, ndipo munthu sadzimva kuti watsala yekha padziko. Ndikuuziretu, kumenekonso udzayambana ndi wina. Ndimakudziwa, ndiwe mwana wanga, ndipo lilime limenelo sunalitole panjira. Zikadzachitika, mtima udzakuuza kuti onse akukuda, kuti usadzapondekonso. Usaumvere. Dikira papite masiku awiri, ukapepese pamene walakwa, ukaimirire kumbuyo ngati n'kofunika, koma ubwerere. Mnzako amene unamukonda Lolemba ndi yemweyo amene wakukhumudwitsa Lachitatu, sanasanduke mfiti pakati pa sabata. Ine ndinakuchotsa m'kwaya kamodzi, iwe usakadzichotse wekha.

Ankhazi ako a ku Wenya, alongo awo a abambo ako, nawonso ndinawalakwira, ndipo iwo sanandibwezere. Anabwera kudzacheza chaka chomwecho, n'kukuona tsiku lina utakwiya mpaka kuswa mbale, patapita kanthawi ukulira kuti ndiwe woipa, sukuyenera kukhala ndi moyo. Anandikokera kuseri kwa nyumba. "Mulamu," anatero, "mwana uyu wali na vimbuza. Mundipe sabata yimoza, wakapulike ng'oma kukaya." Ankati ndikupereke kwa iwo sabata imodzi ukamve ng'oma kumudzi. Ankanena gule wa kwawo uja, amene amamuimbira ng'oma munthu wovutika mumtima, iye n'kuvina mpaka thupi kupepuka. Ine mayi wa bulauzi yoyera ya kumpingo ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Ndinati za mizimu zawozo azisiye kumapiri komweko. M'malo mwake ndinakutengera ku mapemphero ena a kuseri kwa msika, kumene anthu asanu anakuzungulira akukuwa m'makutu mwako, chimkuzamawu chili pamwamba, kulamula chiwanda chituluke. Unabwerako ukunjenjemera, masiku atatu osalankhula. Mwa iwe munalibe chiwanda, mwana wanga. Za vimbuza sindikuzidziwa mpaka lero, ndipo sindikunena kuti ukanachira nazo. Koma ankhazi ako, amene sukulu anaisiyira panjira, anaona chimene abambo ako anaona, kuti thupi lako limamvera kugunda kwa ng'oma kuposa mawu a munthu wokalipa. Wakhungu m'banja monse ndinali ine ndekha, uku ndikudzitcha wozindikira. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Kumene ukupitako anthu adzalitcha vuto lako mayina ambiri. Wina adzati ziwanda, wina adzati anakulodza achibale, wina adzati ndi matama chabe a mwana mmodzi m'nyumba. Uziwamvera ndi khutu limodzi. Ndipo uzisiyanitsa, chifukwa si phokoso lililonse limene lili mankhwala. Pali nyimbo ndi mapemphero zimene ukatulukamo mapewa amakhala atatsika, pali zina zimene umatulukamo manja akunjenjemera. Thupi lako lidzakuuza. Malo amene akukukolezera moto uchokepo, ngakhale atakhala kuti akutchula dzina la Mulungu. Mulungu yemweyo amamva ukamamuimbira chapansipansi uli pabedi pako.

Tsono ndifike pa maliro, pamene cholemberachi chakhala chikuzemba chiyambire. Abambo ako anadwala masabata awiri okha. Tinawanyamula kupita nawo ku Wenya, ndipo mwambo wake ukuudziwa: akazi m'nyumba ya siwa pamphasa, namfedwa ndi ana pafupi ndi bokosi, gulu lililonse la olira likafika pakhomo ife n'kuyambiranso kulira kuwalandira. Ine ndinali mlendo kawiri, wa kumwera komanso wamalonda wa paboma, ndipo ndinkadziwa kuti maso onse akuyeza misozi yanga ndi ya mwana wanga. Iwe sunalire. Unakhala pakona utafunda chitenje kumutu, ukugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, chala chikugogoda bondo. Amayi awiri anayamba kunong'onezana, ndipo ndinamva mmodzi akuti ana a masiku ano alibe chisoni. M'mawa wa tsiku loika, gulu lochokera ku Chisenga likulowa, wina anaponda chitenje chako, chingwe cha mahedifoni amene unabisa m'chitenjemo n'kusololoka pafoni. M'nyumba ya maliro munamveka nyimbo ya ku Tanzania, zija zovina paukwati, magitala ali pamwamba.

Ndinakumenya mbama pafupi ndi bokosi la abambo ako. Ndinalanda foni, ndinatuluka nayo panja, ndinasolola memori khadi ndi chikhadabo, n'kuiponya pa chikuni cha pamaliro chimene chinali chikunyekabe. Ndinachitira dala poyera, kuti abale a mwamuna wanga aone kuti mkazi wa ku Ntcheu amadziwa kulera. Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinabwerera pamphasa mtima utatsika, ndikuganiza kuti ndapulumutsa ulemu wa banja. Iwe unali utanditsatira mpaka pakhomo. Unangoyang'ana pamoto paja, kenaka n'kuyang'ana ine.

Titabwerako kumanda sunapezeke. Tinafunafuna m'minda, kumtsinje, m'nyumba za abale, mpaka tsiku lotsatira amayi ena opita kuchigayo anakupeza wakhala m'mbali mwa njira ya ku Chisenga, mapazi atatupa, nsapato utazisiya pasiwa. Nditafika sindinakukumbatire. Ndinakufunsa ngati ukufuna kundipha ndi manyazi ine namfedwa. Tinabwerera kuno kuboma, makina a abambo ako tinawaphimba ndi nsalu, wailesi ndinaitsekera m'kabati. Miyezi iwiri m'nyumba muja simunamveke nyimbo ngakhale imodzi, ndipo ine ndinkati ndiko kulemekeza malemu. Mapeto ake ukuwadziwa kuposa ine. Tsiku lija ndinabwera msanga kuchokera kumsika chifukwa cha mvula, n'kukupeza utadzivulaza. Ikanapanda mvula imeneyo, bwenzi kalata ino ndilibe woilembera.

Achipatala cha kuno atakuthandiza anatitumiza ku Mzuzu, kwa anthu oona za maganizo. Kumeneko ndi kumene tinakumana ndi mayi wa uphungu wa magalasi uja, amene wakhala akukuyendetsa zaka zonsezi. Anacheza nawe maulendo ambiri asanatchule dzina la vutoli, bodalaini, limene ndinachita kulilemba padzanja kuti ndisaliiwale. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wasukulu. Anati anthu otere chimwemwe, mkwiyo ndi chisoni zimawafika mwamphamvu kuposa anzawo ndipo zimachedwa kuchoka. Anati amaopa kusiyidwa kuposa china chilichonse, ndipo nthawi zina amadzimva opanda kanthu m'kati. Anati si mwano, si ufiti, komanso ambiri amapeza bwino akaphunzira kudzisamala. Ine mkazi wa telala ndinazimva mwanjira yanga: mtima wako uli ngati nsimbi yodzaza makala, yotentha msanga, yochedwa kuzizira, ndipo ukaiika pansalu nthawi yolakwika imapsereza. Kenaka mayi uja anakufunsa, "Temwa, chilipo chimene chimakutsitsa mtima zikafika povuta?" Unayankha motsitsa mawu kuti, "Nyimbo." Unandiyang'ana. Ine ndinayang'ana simenti.

Njira imene anakuphunzitsa ndinaiseka poyamba, ndivomere. M'basi pobwerera ndinati tayenda mtunda wonsewu kuti akatiuze za magitala. Koma ndaiona ikugwira ntchito ndi maso angawa, ndiye ndikukumbutsa ngati kuti ndinaiyambitsa ndine. Mtima ukakhala paliwiro usayambe ndi nyimbo yofatsa, siingakugwire, ingokukwiyitsa. Yamba ndi yofanana ndi mmene ukumvera, yaukali ngati wakwiya, yolira ngati ukulira. Ikatha, ika ina yotsikirako pang'ono, kenaka ina yotsikirako, mpaka ufike pa zija zoyenda ngati munthu wobwerera kumunda. Lole ikamathamanga sutsika chodumpha, umadikira ichepetse liwiro. Uziimba nawo ndi pakamwa, osangomvera, chifukwa kuimba kumakakamiza mpweya kutuluka pang'onopang'ono. Ndipo tsiku limene m'kati mwangoti zii, osamva chisoni osamva chimwemwe, ndilo lofuna nyimbo zovina, kuti thupi likumbukire kuti lili moyo. Apo m'pamene ndinayamba kuzindikira za pamaliro paja, kuti sunali kusangalala, unali kudzigwira kuti usamire. Nyimbo zako uzisanjiretu mtima uli m'malo, chifukwa zikafika povuta sudzakhala ndi mutu wosankha.

M'basi momwemo, tisanafike n'komwe ku Karonga, ndinalakwanso. Ndinakuuza kuti zimene tamvazi zithere pompano, ku Chitipa usauze munthu, anthu angati ndiwe wamisala ndipo ungadzasowe banja. Unamvera. Wakhala ukumvera zaka zonsezi, mpaka anzako a kusekondale ankangoti Temwa ndi wovuta, osadziwa chimene ukulimbana nacho. Lero mawu amenewo ndikuwabweza. Si aliyense woyenera kumuuza, ayi, ena pakamwa pawo ndi pamsika. Koma m'chipinda chimene ukagonecho, yang'ana mmodzi wodekha umuuze. Umuuze kuti ukavala mahedifoni n'kuyang'ana kukhoma si kunyada, akusiye nyimbo zitatu, ndipo zikatha usanatembenuke akugwire paphewa. Akadziwa, sudzakhala ndi chifukwa chozimitsira iye akalowa. Kalata ya mayi wa uphungu ili m'thumba la m'kati la sutikesi. Sabata yoyamba yomweyo upite nayo kuchipatala chimene anakulembera, usadikire kuti zivute. Nyimbo ndi ndodo yoyendera, si dokotala. Tsiku limene udzaimba zitatu, zisanu, maganizo odzivulaza osachoka, usakhale wekha ngakhale mphindi imodzi. Dzuka upite pamene pali anthu, unene poyera, akuperekeze kuchipatala. Manyazi amene ndinakuphunzitsa uwasiye kuno, ndi anga.

Tinthu tina n'tochepa koma ndikapanda kutinena sindine mayi. Lilongwe si Chitipa, kumene galimoto imakuimbira hutala ikadali kutali, choncho podutsa msewu uzichotsa mahedifoni khutu limodzi. Foni usamaionetse mudepoti, kuli anthu a zala zopepuka. Usagone osaitchaja, ndipo magetsi akazima foni itafa, pakamwa uli napo, manja uli nawo, ntchafu ndi ng'oma yokwanira. Nyimbo zako uzisunge malo awiri, pafoni ndi pa khadi ina imene izikhala pansi pa sutikesi.

Pali pamodzi pokha pamene ndinaona zoona, koma napo ndinawononga ndi kalankhulidwe. Chibwenzi chako, mnyamata wa ku Misuku kolima khofi uja, atasiya kuyankha mafoni ako, unagwira nyimbo imodzi yachisoni, imene munkaikonda awiri, n'kumaibwereza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku anayi. Ndinkaimvera kukhitchini, poopa kufika pakhonde. Imeneyo sinkakutsitsa, inkakukumbira dzenje. Ndinayenera kukhala pambali pako n'kunena kuti mwana wanga, tiyeseko ina. M'malo mwake ndinakuwa ndili komweko kuti amuna sanathe padziko, ndipo ameneyo ngakhale khofi wa kwawo ndi wowawa. Unakhoma chitseko, n'kumutumizira mauthenga ambirimbiri amene pambuyo pake unalira nawo. Ndiye tamvera tsopano, ndikunena bwinobwino monga ndinayenera kunenera nthawi ija. Nyimbo yokukumbutsa munthu amene wakupweteka uimvere kamodzi, kawiri ngati wakanika, kenaka usunthe. Sindikuti uzimitse, ndikuti usinthe. Ndipo uthenga umene walemba mtima uli pamoto usautumize nyimbo zitatu zisanathe. Zikatha uuwerengenso. Ukaona kuti ukadali woona, tumiza, koma kawirikawiri udzaufufuta wekha.

Chimene chandidya chaka chonsechi ndi chija unandiuza muno m'shopu, tikupinda zitenje zimene ndinabwera nazo kumalire. Sindikumbukira chinayambitsa, koma ndinalankhula mwamatama kuti za pamaliro zinatha kale, foni ndinakugulira ina yabwino kuposa ija, nyimbo anakuikira zodzaza, tsono ukusungiranji chakukhosi. Sunakweze mawu. Unapitiriza kupinda, n'kunena kuti, "Amama, pa khadi paja panali adada." Sindinamve msanga. Unafotokoza kuti abambo ako ndi amene anapita nayo khadi ija kumsika kukaikitsa nyimbo, anazisanja okha, zothamanga poyamba, zofatsa pambuyo, ndipo kumapeto anadzijambula mawu akuimba nyimbo zawo zinayi za posoka zija, makina akulira pansi pake. Anakuuza kuti ukadzapita kutali, makinawo uzidzayenda nawo m'thumba. "Imene munaimva ija inali yomaliza ya zovina," unatero. "Panatsala ziwiri kuti ndifike pa adada." Nthawi yomweyo kunalowa kasitomala wofuna nsalu ya ukwati. Ndinaimirira, ndinamumwetulira, ndinamuyalira nsalu zisanu. Atatuluka ndinayamba kukamba za mvula. Papita chaka tsopano, ndipo nkhaniyo sindinaibwererenso.

Pepa, Temwa. Ndinakumenya pa tsiku limene unkafuna kugwiridwa dzanja, ndinawotcha mawu a abambo ako ndi dzanja langa, ndipo ndinachita zimenezo kuti anthu a pamaliro andiyamikire, anthu amene ena mwa iwo lero sindingawazindikire n'komwe panjira. Palibenso pena pamene mawu awo anajambulidwa, ndafunsa paliponse. Nanenso ndimawafuna mawu amenewo, ndipo ndilibe wina womuloza chala. Mwezi watha ndinakunamiza kuti ndapita kukaoda katundu, chonsecho ndinapita ku Wenya. Ndinatsika galimoto pamsewu n'kuyenda wapansi mpaka kwa ankhazi ako, ndinagwada, ndinapepesa za mawu anga akale aja, n'kuwafunsa ngati nyimbo za mlongo wawo akuzidziwa. Ine zaka zonse zija ndinkazimva tsiku ndi tsiku koma sindinasunge ndime yathunthu ngakhale imodzi, poti ndinkaziyesa phokoso la telala. Anandiimbira zitatu, tonse awiri tikulira. Yachinayi ndinayesa kuwayambira kachidutswa kamene ndimakumbukira, iwo anapukusa mutu. "Iyo wakapanga yekha, mulamu. Yikaŵa ya Temwa pera." Anaipeka okha abambo ako, ndipo inali yako yokha. Zitatuzo akuti upite patchuthi akakuphunzitse, ukajambulenso. Yachinayi ngati ilipo penapake, ili mwa iwe. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikukupempha kuti uyerekeze ngati sanatayike.

Basi inyamuka mawa dzuwa litatuluka. Ndidzadzuka kukuphikira tiyi ndi kukazinga mtedza wa panjira, iwe uli kuchipinda ukumanga zotsala. Ndili ndi pempho limodzi, ndipo uli ndi ufulu wolikana. Mahedifoni uwaike m'chikwama. Utsegule nyimbo pafoni, iliyonse imene mtima wako ukufuna m'mawa umenewo, yovina kaya yolira, uikweze mpaka oyandikana nafe adabwe. Ndidzabwera pakhonde ndi kapu ya tiyi, ndipo ndidzaponda mwamphamvu kuti undimve. Ndikufuna uyesere pa ine, amene ndinakuphunzitsa kuzimitsa, kuti ukafika kwa eni ukhale utadziwa kale kuti zimatheka. Ndikafika pachitseko nyimbo ikulirabe, ndidzalowa n'kukhala pansi mpaka ithe. Ndikafika nyumba n'kuti zii, sindidzafunsa, sindidzakwiya. Ndidzaika tiyi patebulo, ndidzasenza sutikesi yako mpaka kudepoti, ndipo ukadzabwera patchuthi ndidzapondanso pakhonde pomwepo.

Ndatha ine mayi ako,
wolemba ndi dzanja lomwe lija.